Tsiku Limene Alzira Sanathire Mchere

Nkhani iyi ndalembera inu amene mwatopa, makamaka inu amene mumadzuka ndi mantha m'mawa uliwonse. Iyambira pansi, m'fumbi, chifukwa ndi momwe Alzira anali.

Anagona chagada pamsika wa kachewere ku Kalomwe, thumba litamupsinja miyendo. Sanapunthwe. Palibe anamukankha. Anangosenza thumbalo monga ankachitira masiku onse, n'kuyenda mapazi atatu kulunjika pa lole, ndipo m'chiuno mwake munalira kuti tswa, ngati phesi louma.

Anzake onyamula katundu anachotsa thumba lija. Atayesa kudzuka, mwendo unakana. Amuna awiri anamunyamula, ndipo mmodzi anayang'ana mnzake.

"Kodi m'zitenjemu muli munthu? Ndiye kupepukatu ngati lichero."

Posowa pomukhazika, anamuika pa balansa, sikelo yaikulu yoyezera matumba. Muvi unayenda pang'ono n'kuima pa makilo 34. Thumba limene linamugwetsa linali la makilo 50. Onse amene anali pafupi anangoti kukamwa yasa.

Alzira anauona muviwo, koma mtima wake sunali pa mwendo. Unali pa Chakondwa, mwana wake wamkazi wa zaka zitatu. Linali Lachinayi. Loweruka akuchimuna anali oti akhale pansi, agamule ngati Alzira achoke pamudzi n'kusiya mwanayo.

Kuti mumvetse, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Alzira anakwatiwa chitengwa m'mudzi wa Angoni, ulendo wapansi wa ola limodzi kuchokera ku Kalomwe. Kumeneko mwana ndi wa kuchimuna. Mkazi akachotsedwa amanyamula zovala ndi mbale zake, mwana amatsala. Mwamuna wake, Cassimiro, anapita ku Joni kukasaka ntchito. Miyezi itatu yoyamba ankaimba foni Lamlungu lililonse. Kenako zii.

Oyendetsa malole ankabwera ndi mbiri za ku Joni, za anthu obayidwa m'misewu ndi mitembo yosowa eni. Alzira ankazimva zonsezo atasenza thumba pamutu. Tsiku lina, Misa itatha, anatsalira m'tchalitchi n'kuwinda chowinda chake. Palibe anamutuma, ndipo sanauze munthu, ngakhale wansembe.

"Mulungu, sindidzadya dzuwa lili kunja kufikira nditamva mawu a Cassimiro. Inu mungomusunga."

Mwezi unatha, foni osalira. Alzira anaganiza kuti nsembe yake yachepa. Anasiya ndiwo za mafuta. Mwezi wina utatha anasiya nsima, n'kumangomwa kapu ya phala dzuwa likalowa. Pambuyo pake anayamba kudumphitsa masiku. Akati awonjezere supuni imodzi yokha, ankaona Cassimiro ali thasa pamsewu wachilendo, ndipo dzanja linkabwerera lokha. Chakudya chake ankakankhira m'mbale ya Chakondwa. Ntchito sanasiye. Poti kwathu kuno kumazizira, palibe anadabwa kumuona atavala majuzi awiri ndi zitenje zitatu.

Zinatero chaka ndi theka.

Tsopano pali nkhani ya mchere. Mwambo wa kuno umati mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudwalitsa odya matenda amene akuluakulu amawatcha mdulo. Amaitana wina kuti amuthirire. Ena amati ndi zachikale, ndipo sindikangana nawo. Ndingonena kuti Alzira ankausunga mwambowo, ndipo mwezi uliwonse ankaitana apongozi ake, aNangozo, amene nyumba yawo inali moyang'anizana ndi yake.

ANangozo anali mayi wamasiye wa thupi lalikulu zedi, woti mipando ya pamudzi inkamuopa. Ankakhala pa mtondo wogubuduza, akutsimphina poyenda. Kuwerenga sankadziwa, koma mwezi ankauona ukatuluka.

"Amake Chakondwa," anatero masana ena ataima pakhomo la khitchini, "mchere mukuthira nokha masiku ano."

"Inde, amayi."

"Miyezi isanu ndi inayi simunandiitane. Chakudya mukuchinyansidwa. Mukudzikulunga ngati chikwatu cha fodya. Mwana wanga anachoka liti pamudzi pano?"

Alzira anayang'ana pansi.

"Ndi ya ndani?"

"Amayi, ndilibe kanthu. Taonani mimba yangayi."

"Musandipusitse, ndinabereka asanu ndi mmodzi ine. Mimba yakuba imathawira kumsana."

Alzira akanatha kuulula, koma ankaopa kuti chowinda chikatuluka pakamwa chisukuluka, ndipo Cassimiro afa. Nayenso sankadziwa chimene chinaumitsa mwezi wake. Nthawi zina ankati walodzedwa, nthawi zina ankati ndi chizindikiro choti nsembe yalandiridwa. Choncho anakhala chete, ndipo chete wakeyo anamveka ngati kuvomera.

Tsiku lomwelo aNangozo anatenga Chakondwa kupita naye kwawo. Anati mdzukulu wawo sangadye mchere wa munthu woyendayenda. Nkhani inafika kwa aVictorino, akulu awo a malemu apongozi aamuna, amene ankasunga banja lonse. Ndiwo anatchula Loweruka lija.

Kuchokera pa balansa paja, anthu anamukweza Alzira shapa, minibasi ya kuno, kupita naye kuchipatala ku Ulongwe. ANangozo anamutsatira m'mawa mwake. Sikuti chinali chifundo ayi. Ankafuna kuti akamve za mimba ija ndi makutu awo.

Dotolo anali mayi wachitsikana, aRufina, wobadwira cha ku Fonte Boa. Anayeza magazi, mkodzo ndi makhololo, anajambula mafupa, kenako anabwera pambali pa bedi.

"Kachilombo palibe. Chifuwa chachikulu palibe. Mimba palibe."

"Tayang'anani kumsana, adotolo," anatero aNangozo.

"Ndayang'ana, amayi. Kumsana kuli msana."

Odwala a pabedi loyandikana anaseka. ANangozo sanaseke. Dotolo anakweza chithunzi cha mafupa pawindo kuti dzuwa liwale kumbuyo kwake.

"Apa ndi pamene pang'aluka, pa fupa la chiuno. Koma chondiopsa ine si mng'aluwo. Fupa la munthu wa zaka 24 limaoneka loyera mbee pachithunzi. Taonani ili. Likuoneka ngati utsi. Ndi fupa la nkhalamba."

Alzira analiyang'anitsitsa.

"Nanga mwezi wapita kuti?" anafunsa aNangozo.

Dotolo anakoka mpando n'kukhala.

"Mafuta a m'thupi, amayi, si katundu wongonyamula. Ali ngati nkhokwe, koma nkhokwe yake yolankhula. Imatumiza timithenga toyenda m'magazi, ife timati ormona. Kamodzi timakatcha leputina. Kamapita kumutu kukanena kuti chakudya chilipo. Mafuta akatha, mthengayo safika, ndipo mutu umati kwagwa njala, ino si nthawi yobereka. Umatseka mwezi. Tsoka lake ndi lakuti ormona yomwe imabweretsa mwezi ndi yomwenso imalondera mafupa. M'fupa muli omanga ndi ogumula, ndipo amagwira ntchito moyo wonse. Mlonda akachoka, ogumula amapitirira, omanga alibe njerwa. Mchere wolimbitsa fupa umangotuluka. Kunja munthu akuyenda bwinobwino, m'kati muli ngati mzati wodyedwa ndi chiswe."

ANangozo anadzimenya pantchafu. "Ndiye ine ndili bwino. Nkhokwe yanga njosefukira."

"Nanga mukutsimphiniranji?"

"Aa, kameneko ndi kabondo kakang'ono aka, kapansi. Ndinathyoka potsika ngolo chaka chatha."

"Potsika ngolo chabe. Mwaona? Nkhokwe ikasefukira, amithenga amachuluka, onse kukuwa nthawi imodzi, mpaka mutu umagontha. Mafupa amakula ndithu chifukwa cha kulemera, koma sakhala olimba molingana ndi katundu wake. Mafuta ochuluka amatulutsanso zina zosokoneza omanga aja. Balansa ili ndi nsonga ziwiri, amayi, ndipo zonse ndi phompho. Koma lero amene ali m'mphepete mwenimweni ndi awa."

Anatembenukira kwa Alzira n'kutsitsa mawu.

"Mng'alu uwu ulumikizika mukagona masabata asanu ndi limodzi. Mukapitiriza kusadya, lotsatira lidzakhala la msana kapena la pamwamba pa ntchafu. Pamenepo mwina simudzayendanso. Kodi kunyumba kulibe chakudya?"

"Chilipo."

"Nanga bwanji?"

Alzira anagwira bulangeti ndi manja onse. Mbali ina ankaona Cassimiro ali thasa pamsewu. Mbali ina ankaona Chakondwa akukula pakhomo la eni, akuitana munthu wina kuti amama. Ananena za chowinda chake monong'ona, mawu amodziamodzi, ngati munthu woponda pa mlatho wa mtengo umodzi. Atamaliza anatseka maso, kudikira kuti chinachake chigwe.

Palibe chinagwa. Anangomva aNangozo akudzuka n'kutuluka.

Anabwerako patapita nthawi, maso ali psuu, foni ili m'manja. Anakhala pansi penipeni, pasimenti, chinthu chimene sankachita chifukwa kudzuka kunkawavuta.

"Mwana wanga," anatero. Aka kanali koyamba kumuitana choncho. "Cassimiro ali moyo. Anaimbira aVictorino chaka chatha, nthawi yokolola. Ali ndi mkazi wina kumeneko. Tinapangana kuti tisakuuze, manyazi anatigwira. Nditaona za mcherezo ndinati wamva, ndiye wabwezera. Sindinadziwe kuti ukudzipha ndi njala chifukwa cha galu ameneyu."

Anapereka foni kwa dotolo kuti awasakire nambala ya Cassimiro. Itayamba kuitana, anaiika pakhutu la Alzira.

"Alo? Amayi? Alo, ndani?"

Anali mawu ake ndithu, onenepa bwino. Kumbuyo kwake kunkamveka wailesi ndi kulira kwa khanda. Alzira anamvetsera. Kenako anakankha foniyo pang'onopang'ono.

"Ndamva," anatero. "Ndinawinda kuti ndimve mawu. Sindinanene kuti akhale mawu abwino."

Mwina mukuganiza kuti apa ndiye pathera mavuto. Ayi. Apa ndi pamene panayambira chitunda.

Chowinda chinatha, koma mantha sanamve kuti chatha. Atamubweretsera phala masana amenewo, dzuwa lili pamutu, supuni inamupulumuka m'dzanja n'kugwa. Anaitola. Anameza supuni zitatu n'kusanza. Madzulo anameza zisanu, zinakhala.

"Musathamange," anachenjeza dotolo. "Thupi lozolowera njala mukalidzaza mwadzidzidzi, mtima ungaime. Pang'onopang'ono, kasanu patsiku. Phala la nsinjiro, mkaka, mazira, nyemba, usipa muzidya ndi minga yomwe. M'mawa muziwothera dzuwa. Ndipo thumba musadzasenzenso."

"Nanga tidzadziwa bwanji kuti mafupa abwerera?" anafunsa Alzira.

"Balansa ikakwera mokwanira, thupi lidzakhulupirira kuti njala yatha. Tsiku limene mwezi udzabwerere, mudziwe kuti mlonda wabwerera pantchito."

Anamugoneka m'chipatala masabata atatu, ena atatu anakagonera kunyumba. Loweruka lija linapita popanda msonkhano, koma aVictorino sanaiwale. Anabwera mmawa wina, chipewa chili m'manja, n'kukhala pakhonde. Sanali munthu wankhanza. Anali munthu wokonda kuti zinthu zikhale m'malo mwake.

"Amake Chakondwa, pa za mimba zija tinakulakwirani. Pepani. Koma tinene zoona. Mwamuna wanu sabwera. Inu simukuyenda. Mwana sangaleredwe ndi munthu wogona. Bwererani kwanu abale anu akakusamaleni, mwanayu atsale ndi ife."

Alzira anamva ngati fupa lina lathyoka. Asanatsegule pakamwa, aNangozo anayankha.

"Alamu, munthuyu tamugoneka ndife, ine ndi inu, ndi kukhala chete kwathu. Mpatseni nthawi."

"Mpaka liti?"

"Mpaka tikumbe kachewere wa chaka chamawa."

"Nanga tidzadziwa bwanji kuti wachira? Mafupa saoneka, mlamu. Munthu angayende lero, mawa n'kugwa ali ndi mwana kumsana."

"Imeneyo ndi nkhani ya azimayi. Ine ndidzadziwa, ndipo sindidzakunamizani."

AVictorino anavala chipewa. "Tikakumba kachewere," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo Alzira ankadya ngati munthu wolima munda wa miyala. Chakudya sichinkamukomera. Mimba inkatupa, mapazi ankatupa, ndipo liwu lina m'mutu linkamuuzabe kuti akulakwa. Ankaika Chakondwa patsogolo pake, n'kumameza akuyang'ana mwanayo. ANangozo ankakama ng'ombe yawo imodzi n'kubweretsa mkaka, atakhala pa mtondo wawo kufikira kapu itatha.

"Ukanakhala ufa, ndikanakupungulirako wangawu," ankatero akudzigwira pamimba. "Tonse tikanachira tsiku limodzi."

Anayamba kuyenda ndi ndodo ziwiri za m'khwapa, kenako imodzi. Ankaopa chilichonse: mwala wa panjira, matope a pachitsime, mbuzi yothamanga, ngakhale kuyetsemula. Ankadzimva ngati mphika wong'aluka umene wina wausenza pamutu. Koma chowawa koposa chinali china. Chakondwa ankabwera kumbuyo kwake, n'kumugwira mapewa.

"Amama, ndiberekeni."

"Mawa, mwanawe."

"Dzulonso munati mawa."

Mwezi uliwonse ankakwera ngolo ya aVictorino yopita kumsika kuti akadziyeze pa balansa ija. Makilo 36. Makilo 38. Nthawi ya mvula anadwala malungo, ndipo muvi unabwerera pa 36. Tsiku limenelo anakhala pansi pambali pa balansa. Miyezi iwiri ya kumeza mokakamiza inapita ngati madzi.

Mwini balansayo, aStanley, anali akukangana ndi mlimi wina pa kulemera kwa thumba. Maso a aStanley anali atayamba kuchita khungu, ndipo mlimiyo sankadziwa manambala. Alzira, yemwe anafika kalase ya seveni asanakwatiwe, anangoti ali pansi pomwepo, "Ndi 47 ndi theka. Nonse mwalakwa."

AStanley anawerama, anapenyetsetsa, n'kuseka.

"Iwe, thumba linakukana. Nanga mpando ukukananso? Bwera mawa."

Ntchito yake inakhala yowerenga muvi. Ankakhala pa kampando, n'kutchula nambala mokweza, balansa itayang'ana kwa mlimi kuti aone yekha. Sankawonjeza, sankachotsa. Munthu amene muvi unamuuza zoona tsiku loipa kwambiri pa moyo wake sakanatha kuunamizira. Posakhalitsa alimi ochokera kutali, mpaka a ku Domwe, ankafika akufunsa, "Kodi balansa ya mayi woonda uja ili pati?"

Anayambiranso kukwera. Makilo 40. Makilo 43. Ndodo anaisiya. Masaya anabwerera, tsitsi linasiya kuthothoka. Azimayi pachitsime anayamba kumuyamikira kuti wachira. Iye yekha ndi aNangozo ndi amene ankadziwa kuti mchere akuthirabe yekha.

Kachewere anachita maluwa m'minda yonse, oyera ndi ofiirira. Maluwa anayoyoka. Masamba anayamba kuchita chikasu. Alzira ankadutsa m'mphepete mwa munda wa aVictorino atayang'ana kumbali. Atafika makilo 45 popanda chizindikiro, anakwera shapa kubwerera kwa dotolo.

"Ndadya zonse zimene munanena. Kapena mlonda uja anafa?"

"Sanafe. Thupi lanu munalinamiza chaka ndi theka kuti kuli njala. Silingakukhulupirireni msanga. Ena amadikira miyezi ingapo atafika kale pa kulemera koyenera. Sindingakuuzeni tsiku."

"Akumba kachewere masabata atatu akubwerawa."

"Ndiye pitani mukadye," anatero dotolo. "Palibe njira ina yachidule."

Pobwerera, aNangozo anamudikira panjira. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona.

"Mwana wanga, ungondiitana mawa ndidzathire. Adziwa ndani? Alamu sakalowa kubafa."

Alzira anaima. Zinali zophweka. Kungowaitana kuti adzathire mchere, ndipo Chakondwa akanakhala wake. Koma anakumbukira chithunzi chija, fupa looneka ngati utsi.

"Ayi, amayi. Bodza ndi kubisa ndi zimene zinandigoneka pa balansa paja. Tikanama, ndidzayamba kudzinamiza ndekha kuti ndachira, ndidzabereka mwana, msana n'kuthyoka. Tsiku likafika ndili chonchi, ndidzawagwadira aVictorino ndi zoona zanga."

Ananena molimba, n'kupitiriza ulendo wa kunyumba.

Kwa aVictorino anayamba kukumba Lolemba. Alzira ankamva makasu kuchokera pakhomo pake. Lachiwiri ngolo inadutsa kawiri itadzaza matumba. Lachitatu sanapite kumsika. Anapinda zovala zake n'kuziika m'chikwama, kenako anazitulutsa, kenako anaziikamonso. Chakondwa ankasewera ndi zitsekerero za mabotolo pakhonde, osadziwa kanthu. Ngakhale zinali choncho, Alzira anadya kasanu tsiku limenelo, chikwama chili pambali pake.

Lachinayi masana anali akuphikira okumba nyemba. Zitapsa, anatapa mchere m'chitini. Dzanja lili m'mwamba, anamva kupota m'munsi mwa mimba, kupota kumene anali atakuiwala. Anabwezera mchere m'chitini, n'kupita kuseri kwa nyumba.

Atabwerako anaima pakhomo la khitchini, atagwira mphuthu. Anaitana mokweza.

"Amayi! Tabwerani mundithirireko mchere."

Anthu a m'mudzimo amanenabe kuti tsiku limenelo anaona aNangozo akuthamanga. Nkhuku zinabalalika. Anafika akupuma wefuwefu, anamuyang'ana Alzira m'maso, ndipo Alzira anagwedeza mutu. ANangozo anatapa mchere n'kuthira. Anatapanso n'kuthira. Palibe mwa awiriwo anawerenga kuti athira kangati.

Okumba anakhala pansi pa mtengo wa pichesi, aVictorino ali pakati. Anasamba m'manja, anatema mbamu, anasunsa m'nyemba n'kuika m'kamwa. Nkhope ya aVictorino inachita makwinya.

"Aa! Kodi tikudya nyemba kapena thumba la mchere? Wathira ndani?"

"Ndine, alamu," anatero aNangozo. "Ophika ndi amake Chakondwa. Wothira mchere ndine."

AVictorino anasiya kutafuna. Anali munthu wamkulu, sanafunikire kumasuliridwa. Anayang'ana pansi kanthawi, monga amachitira mwamuna akamva nkhani ya azimayi. Kenako anatemanso mbamu, n'kusunsa kwambiri m'nyemba zowawa mchere zija.

"Uzani amake Chakondwa amasule chikwama," anatero. "Mwana ali pakwawo, amakenso ali pakwawo. Ndipo wina atipatse madzi akumwa, tingafe."

Papita zaka zitatu. Lero mukafika ku Kalomwe mudzamupeza Alzira pa balansa yakeyake, ndipo kumbuyo kwake kuli kanyumba kosungiramo mbewu ya kachewere imene amasankha yekha. Alimi amamutchabe mayi woonda, ngakhale dzinalo silimukhalanso. Kumayambiriro kwa mwezi amakwera pa balansa iye, kenako aNangozo. Wina amafuna muvi usatsike, wina amafuna utsike. ANangozo atsitsa makilo khumi ndi limodzi, ndipo amadandaula tsiku lililonse.

Sindikunamizani kuti zonse zinabwerera. Dotolo anamuuza kuti mafupa ake alimba, koma sadzafika pomwe akanafika. Thumba sasenza. Chakondwa sanamuberekenso, chifukwa pamene msana unalimba, mwana anali atakula. Zina zikapita zimapitiratu, ndipo munthu amaphunzira kukhala ndi malo opanda kanthuwo. Koma m'mawa uliwonse amamuperekeza kusukulu, atagwirana manja, akuyenda ndi miyendo yake.

Inu amene muli ndi mantha amene simunauzepo munthu, auzeni wina lero. Mantha obisidwa amadya m'kati ngati chiswe chija. Inu amene thupi likutha, mwezi n'kusowa popanda chifukwa, musadikire kuti fupa lilire. Pitani kuchipatala. Ndipo inu amene mwayamba kale kukwera chitunda, koma chizindikiro sichikuoneka, kumbukirani kuti Alzira anadya kasanu Lachitatu lija, chikwama chomangamanga chili pambali pake.

Musataye mtima. Tolani supuni imene yagwa, mumezenso.